Rediyeta yatsopano: ndigule kapena akufuna kungondidyera?

Wa Corolla: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Ka Corolla kanga kayamba kutentha ndikakhala pa jam, dzulo cha m'ma 5 koloko pa mlatho wa Lilongwe paja singano yoonetsa kutentha kwa injini inakwera mpaka kutsala pang'ono kufika pofiira, ndinachita kukhotera pambali mtima ukugunda, maminibasi akundiimbira hutala kumbuyo. Koma chodabwitsa Loweruka ndinapita ku Salima ndi kubwerako singano ili phee pakati. Makaniko wangoyang'ana kamodzi akuti rediyeta yatsekeka ndigule yatsopano, ndiye mtengo wakewo aise ndi lendi ya mwezi. Ndigule?

Madala a ku Biwi: Musagule kaye bwana. Galimoto yoti pa msewu wa Salima ikuyenda bwinobwino koma ikangoima pa jam n'kuyamba kutentha, choyamba kukayikira ndi fani. Mukamathamanga mphepo imalowa yokha kutsogoloku n'kumaziziritsa madzi mu rediyeta, fani ilibe ntchito kwenikweni. Mukaima mphepo ija palibe, ndiye fani ikapanda kuzungulira madzi amangowira. Rediyeta ikatsekeka imavuta kwambiri pokwera chitunda kapena mukaponda moto, mukanaona pobwerera kuchokera ku Salima paja chifukwa ndi kokwera kokhakokha.

Mlamu wa ku 25: Ine zimenezo sindivutika nazo. Chotsani thermostat, fani ayimange direct kuti mukangoliza galimoto izizungulira basi. Ija anaikira anthu a ku Japan kumene kumagwa chipale, ife kuno October yemweyu mufuna thermostat yachani kkkk

Madala a ku Biwi: Alamu, nzeru imeneyo ndi imene ikutha ma injini mtauni muno. Thermostat ya Toyota imatseguka cha pa 82 digiri, ntchito yake ndi yoti injini itenthe msanga m'mawa kenako ikhale pa mlingo umodzi. Mukaichotsa injini imakhala yozizira nthawi yaitali, kompyuta imaona ngati mwangoliza kumene ndiye imangothira mafuta ambiri. Ndi mavuto a petulo alipowa munthu ungafune galimoto yomwa chonchi? Ikafa thermostat gulani ina, ndi kanthu kotchipa kuyerekeza ndi rediyeta.

Mayi a ku Kawale: Koma musamunyozeretu makanikoyo. Yanga ndinagula rediyeta ndipo vuto linatha. Thanki yapamwamba ija ndi ya pulasitiki, inang'aluka kamzere kakang'ono ngati tsitsi pafupi ndi pakamwa, madzi amatha pang'onopang'ono osaona pomwe akudontha, kumangomva kafungo kotsekemera ndikaima. Ndinamatitsa kawiri ndi zomata zija, sabata ziwiri yayambanso. Ndalama zomatitsa ndi za coolant (madzi apadera oziziritsira injini) amene ndinkangothira zikanakwana theka la yatsopano.

Madala a ku Biwi: Zoona mayi, yong'aluka pulasitiki ndiye yogula basi, kumata ndi kutaya nthawi. Koma yanu inkatha madzi. A Corolla, yanu ikutha madzi?

Wa Corolla: Ayi madala, m'mawa uno ndayang'ana ali full. Kungoti ndi ofiirira ngati tiyi, ndimathira apampopi.

Mayi a ku Kawale: Eeh apampopi? Dzimbiri limenelo achimwene. Mukatsukitse muthire coolant.

Madala a ku Biwi: Chitani izi panopa, sizifuna ndalama. Lizani galimoto, tsegulani boneti, yatsani AC. Fani ikuyenera kuyamba kuzungulira pompo. Ikapanda, onani fyuzi ndi relay mu kabokosi kakuda pafupi ndi batire, pa chivundikiro pake analemba kuti iti ndi iti. Muonenso chitsekerero cha rediyeta, labala wake akauma sichigwira presha ndiye madzi amawira msanga, pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 1.1, mukamagula china chikhale chofanana. Koma chonde chimenecho mutsegule injini itazizira, ndinaonapo mnyamata atasupuka mkono wonse ndi madzi otentha.

Mlamu wa ku 25: Nanga ikakhala gasket ya pa hedi, ija imatchinga madzi ndi oilo kuti zisasakanikirane mu injini? Mwaiwiritsa kangati?

Wa Corolla: Kawiri, koma sinafike pofiira penipeni. Alamu musanditembererere gasket inu

Madala a ku Biwi: Tsegulani pothirira oilo muone kunsi kwa chitsekerero, mukapeza zoyera ngati chambiko ndiye tiyambe kulira. Muonenso ngati mu rediyeta mukutuluka thovu injini ikulira, ndi utsi woyera ku ekizozi woti sukutha ngakhale galimoto yatentha.

Wa Corolla: Ndabwera. Oilo ali bwino, thovu palibe. AC ndayatsa fani ili zii. Fyuzi ndi yamoyo. Ndiye mwana wanga wamkulu anati tiyese kugogoda, ndamenya pang'ono pa mota ya fani ndi chogwirira cha sikuludiraiva, yayamba kuzungulira mwaulesi kenako yaimanso kkkkk

Madala a ku Biwi: Basi mwampeza wakuba. Ma brush, timakala ta m'kati mwa mota, atha. Rediyeta yanu ilibe mlandu, ingofuna kutsuka.

Mayi a ku Kawale: Komabe ndi dzimbiri limenelo ine ndikanasunga ndalama pambali, potsuka ndi pomwe mabowo obisika amaonekera.

Mlamu wa ku 25: Mota gulani yochotsa pa galimoto ina ku Biwi konko, ya orijino yakale imaposa zatsopano zotchipazi. Koma ayiyese pa batire inu mukuona musanapereke ndalama.

Wa Corolla: Nanga mawa ndipita bwanji ku ntchito ku Kanengo?

Madala a ku Biwi: Nyamukani 6 isanakwane jam isanayambe, AC osayatsa. Singano ikayamba kukwera yatsani hita mpaka kumapeto mutsitse magalasi, imachotsako kutentha kwa injini. Ikapitirirabe imani muzimitse, osakakamira.

Wa Corolla: Hita mu October madala? Ndikafika ku ofesi nditapsa ngati mbatata yootcha

Mlamu wa ku 25: Tengani shati yachiwiri mu chikwama alamu