Woyamba kumene agule ma Connects pa Upwork kapena ayambe wadikira?

Tadala: Moni nonse. Ndinatsegula akaunti pa Upwork, tsamba la pa intaneti lopezerapo maganyu, kuti ndizipeza ntchito zomasulira ndi zotaipa mawu ochokera pa odiyo. Ma Connects aulere, timatikiti tofunsira ntchito, atsala pang'ono kutha ndipo palibe amene wandiyankha. Imodzi akugulitsa $0.15, koma ntchito zina zikufuna 10 kapena kuposerapo. Palinso Freelancer Plus yolipira mwezi ndi mwezi. Ndigule kapena ndiyambe ndadikira? Ndalama yake ena angaione yochepa, koma kwa ine ndi yowawa kuitulutsa.

Limbani: Musagule kaye achemwali. Ma Connects sakugulirani ntchito, amangokulolani kutumiza proposal, kalata yofunsira ntchito. Kasitomala akasankha wina, anu apita basi. Amabweza ngati mwini ntchito waichotsa asanalembe munthu, kapena ngati yachotsedwa chifukwa chophwanya malamulo. Pitani pa Fiverr, tsamba lina la maganyu. Kumeneko kuika gig, chilengezo cha ntchito imene mumagwira, n'kwaulere, amadula 20 peresenti pokhapokha mukagulitsa. Munthu amene sanapezepo kanthu asamayambe ndi kulipira.

Mphatso: Achimwene, pamenepo sindikugwirizana nanu. Pa Fiverr umakhala pansi kudikira kuti kasitomala akupeze, ndipo iwe wopanda ndemanga ngakhale imodzi uli kumbuyo kwa anthu amene ali ndi mazanamazana. Ukagulitsanso, ndalama imakhala masiku 14 usanaitenge. Pa Upwork umapita wekha kwa munthu amene walemba kale kuti akufuna thandizo lero. Zaulere zija mumazilipira ndi nthawi.

Limbani: Nthawi ali nayo. Ndalama ndi imene alibe.

Mayi Nyirenda: Mwanawe Tadala, funso langa ndi lina. Ma Connects aulere aja unawagwiritsa ntchito bwanji? Chifukwa ukagula ena n'kumawatumiza momwemo, atha momwemonso.

Usanadine kalikonse, yang'ana pambali pa ntchitoyo. Pamaoneka ngati njira yolipirira ya kasitomalayo inatsimikiziridwa, ndalama zimene anawonongapo kale, komanso ngati amalembadi anthu kapena amangoika ntchito n'kusowa. Pamaonekanso kuchuluka kwa amene afunsira. Ukaona 20 to 50 kapena 50+, dutsa, pokhapokha ngati ntchitoyo ikufuna chinthu chimene ndi ochepa angachite. Funa yongoikidwa kumene, imene afunsira ndi osakwana 5 kapena 10. Ndipo iwe uli ndi mwayi umene ena alibe: womasulira chilankhulo chimene ochidziwa pamsikapo ndi ochepa sapikisana ndi dziko lonse. Kutaipa Chingelezi ndiye kuli khamu, ndiponso mapulogalamu a kompyuta alanda gawo lalikulu la ntchito imeneyo. Ine ndikanakhala iwe ndikanaika mphamvu zonse pa kumasulira.

Chinanso, kasitomala amaona mizere yoyambirira yokha ya proposal asanaitsegule. Ambiri amaiwonongera pa moni ndi kudzitchula dzina. Yamba ndi ntchito yakeyo: chikalata chake n'chamtundu wanji, uchimaliza liti, ndipo ikapo tsamba limodzi limene unamasulira kale kuti aone.

Tadala: Zikomo amayi. Ambiri ndinatumiza ku ntchito za 50+ chifukwa ndi zimene zinali ndi ndalama zooneka. Pa profile palibenso chitsanzo cha ntchito yanga.

Mayi Nyirenda: Ndiye konza zimenezo poyamba, sizifuna ndalama. Profile ikakhala bwino makasitomala ena amakuitana okha, ndipo kuyankha amene wakuitana sikudya Connect ngakhale imodzi.

Mphatso: Tiwerengere limodzi. Ma Connects 100 ndi $15. Ngati ntchito iliyonse ikudya 15, ndiye kuti mwafunsira malo 6 okha. Mukapeza imodzi ya $50, Upwork idulapo gawo lake, limene kuyambira 2025 limasiyanasiyana mpaka kufika 15 peresenti. Mutsalabe ndi phindu, komanso ndemanga yoyamba, imene ndi yofunika kuposa ndalamayo.

Limbani: Nanga onse 6 akapanda kuyankha? Zimachitika, ndipo si kawirikawiri pamene woyamba amapeza ntchito msanga choncho. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti munthu akataya $15 amagulanso kuti abweze yoyambayo.

Mphatso: Pamenepo mukunena zoona. Adziikire malire asanayambe.

Yamikani: Bwanji osangogula akaunti yakale yokhala kale ndi nyenyezi zimene makasitomala amapereka poyamikira? Alipo amene amagulitsa.

Mayi Nyirenda: Ayi mwanawe, zimenezo usayerekeze n'komwe. Malamulo amaletsa, ndipo amatha kufuna chiphaso komanso kuona nkhope yako pa vidiyo. Dzina la pa akaunti likasiyana ndi la kumene ndalama zikupita, kaya ndi Payoneer, yolandirira ndalama pa intaneti, kaya ndi banki, ndalama zako uzitenga bwanji? Wagwira ntchito usiku wonse, koma mwini dzina ndi wina.

Chisomo: Ndiwonjezerepo za akuba, poti woyamba ndi amene amamusaka. Ine kasitomala wina anandiuza kuti tikapitirize kukambirana kunja kwa pulatifomu, ntchito ndinagwira yonse, kenako anati ndiyambe ndatumiza ndalama yoti atsegulire malipiro anga. Sindinatumize, koma thukuta langa linapita pachabe. Ntchito ya mtengo wokhazikika musaiyambe musanaone kuti ndalama yake yasungitsidwa kale pa pulatifomupo.

Tadala: Pepani achemwali, zowawa zimenezo. Nanga Freelancer Plus?

Mphatso: Imeneyo ngakhale ine ndikuti dikirani. Imapereka ma Connects ambiri ndi kukuonetsani mitengo imene anzanu akutchula, koma imapindulira munthu amene amafunsira ntchito tsiku ndi tsiku. Boost nayonso isiyeni. Ndi mpikisano wa amene angaike ma Connects ambiri kuti akhale pamwamba, ndipo kukhala pamwamba ndi profile yopanda kanthu sikukuthandizani.

Limbani: Ine ndidakali pomwepo: gig ya pa Fiverr itsegulidwe lero, poti siluzitsa kanthu. Ma Connects adzagulidwe ndi ndalama yochokera ku ntchito yoyamba.

Tadala: Nditsegula gig, ndikonzenso profile sabata ino. Ndikatero ndigula ochepa kamodzi kokha, a ntchito zomasulira basi. Amayi, zitsanzo zija ndingamasulire nkhani iliyonse, kapena ndilembe yangayanga?

Mayi Nyirenda: Lemba yako, kuopa kutenga za eni popanda chilolezo. Ina ikhale ya zaumoyo, ina ya mafunso a kafukufuku. Uike zilankhulo ziwirizo moyandikana patsamba limodzi.