Mwana wanga akutsamwa akamamwa madzi, ndithandizeni

Make Tadala:
Azimayi anzanga, Tadala ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4. Chichokereni kuchipatala atadwala malungo a mu ubongo, kudya kwasintha. Madzi akangomwa, kutsokomola mpaka maso kufiira. Phala amalisunga m'kamwa osameza, nsima ndiye sakuyifuna n'komwe. Apongozi akuti ndizimugoneka pamiyendo n'kumutsina mphuno kuti ameze. Mtima wanga ukukana. Kusikelo watsika.

Nachisale:
Make Tadala, za kutsina mphunozo musayerekeze, chonde. Mwana akameza ali chagada, chakudya chimatha kulowa m'njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Wanga anali chimodzimodzi. Ndinkamukhazika tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa, kasipuni kakang'ono, kudikira ameze kaye. Phala la Likuni lolimbako ankalimeza bwino kuposa madzi, chifukwa madzi amathamanga pakhosi asanakonzeke kumeza. Akamaliza ndinkamusiyabe chokhala mphindi 30. Mbale imodzi inkanditengera nthawi, ndinkalira ndekha kukhitchini, koma pano akudya nthochi yofinya.

Bambo Phiri:
Mayi, pitani naye kuchipatala sabata ino, mukapemphe kuonana ndi a physiotherapy (othandiza ziwalo zofooka kuti ziyambirenso kugwira ntchito) kapena oona za kulankhula ndi kumeza. Akamuone akudya pamaso pawo. Za sikelozo mukanenenso, mwina amuyika pa chiponde. Akayamba kutentha thupi kapena kupuma mobanika, musadikire kuti kuche.

Make Tadala:
Zikomo nonse. Lachiwiri ndipita, ndipo apongozi ndiwatenga akamve okha.