Chimimba chandipeza nditasiya kupalasa, ndingatani popanda jimu?

Wakabaza wa ku Nchalo:
Abale anga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndine bambo wa ana atatu ndipo ntchito yanga ndi ya kabaza. Kale ndinali pa njinga yakapalasa, kunyamula anthu ndi matumba kuchoka pamsika kulowera kumidzi, ndipo thupi linali louma bwinobwino. Mulungu atandikomera mtima ndinapeza njinga yamoto. Ndalama yake ndi yabwinoko, koma tsiku lonse ndimangokhala pansi, kaya ndanyamula kasitomala kaya ndikudikira pasiteji. Pano mimba yatsogola, malaya sakutsekanso bwino, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi msana. Ndikayenda m'misewu yafumbi ya mabampu ija, madzulo m'chiuno mumachita kuwotcha. Kuwerama kuti ndimange nsapato ndimayamba ndagwira khoma.

Jimu kuno kulibe pafupi, ndipo ngakhale ikanakhalapo, ndalama imeneyo ndi ya ufa wa ana. Mnzanga wina anandiuza kuti ndizichita ma sit-up (kugona chagada n'kumadzuka kukhala tsonga) 100 m'mawa uliwonse. Ndayesa, koma chikupweteka ndi khosi, mimba ili pomwepo. Kodi pali mafizo amene ndingachite pamkeka kunyumba kuti pamimba palimbe ndipo chimimbachi chibwerere? Nanga amene munadutsamo, chinakuthandizani n'chiyani?

Mnyamata wa ku Bangula:
Akulu, gulani lamba wothina uja amagulitsa m'misika, muzivala mkati mwa malaya. Ndi kutentha kwa kwathu kuno thukuta lichotsa zonse. Muwonjezere madzi otentha a mandimu m'mawa musanadye kanthu.

Mphunzitsi wa masewera, Ngabu:
Achimwene a ku Bangula, pepani ndikutsutsani pang'ono. Thukuta ndi madzi ndi mchere, si mafuta. Munthu akamwa madzi zonse zimabwereramo. Ndipo kumanga munthu lamba wapulasitiki ali padzuwa la ku Nchalo tsiku lonse n'kumufunira chizungulire ali pa njinga, kumbuyo atanyamula mwana wa eni. Madzi a mandimu alibe vuto, koma sasungunula kanthu.

Bambo a kabaza, funso lanu lili ndi nkhani ziwiri zimene anthu timaziphatikiza. Pali minofu ya pamimba, ndiye pali mafuta amene akhala pamwamba pake ndi mkati mozungulira matumbo. Sit-up imagwira minofu, koma singasankhe mafuta a pamimba okha kuti iwachotse. Thupi likamagwiritsa ntchito mafuta limatapa paliponse. Taganizani, nthawi imene munkapalasa simunkachita sit-up ngakhale imodzi, koma mimba munalibe. Chimene chachoka pa moyo wanu ndi maola aja mumathera mukupalasa, pomwe mbale ya nsima yatsala yomwe ija.

Za msana ndiye ndikhalitsepo, chifukwa apa mafizo a pamkeka amathandizadi. Minofu ya pamimba ili m'magulu. Wakutsogolo umachokera pa nthiti kutsikira kunsi kwa mchombo, ndi uja umaoneka timabokosi pa anyamata a mpira. M'mbali muli ina yopingasa imene imatithandiza kutembenuka. Koma mkati mwenimweni muli wina wozungulira mimba yonse ngati chitenje chimene mayi amamanga m'chiuno popita kudimba. Umenewo, pamodzi ndi minofu ya kumsana ndi ya m'matako, ndi umene umagwira msana mukagunda bampu. Ma sit-up othamanga aja saufika bwino, ndipo khosi likupweteka chifukwa mukumakoka mutu ndi manja.

Yambani chonchi. Yalani mkeka, gonani chagada, pindani mawondo mapazi ali pansi. Lowetsani dzanja kunsi kwa msana, mupezapo kampata. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono uku mukukokera mchombo mkati mpaka msana ukanikize dzanjalo. Gwirani pomwepo masekondi 5 kapena 10, koma musabanike, muzipuma ndithu. Zikuoneka zachibwana, koma china chilichonse chimayambira apa. Mukazolowera, kwezani miyendo yonse mawondo ali chipindire, tsitsani chidendene chimodzi chikakhudze mkeka, bwezani, kenako chinacho. Msana ukangoyamba kunyamuka padzanja paja, dziwani kuti mwafika polekezera tsiku limenelo, ngakhale mwangochita kasanu.

Muli chigonere chomwecho, pondani pansi mwamphamvu n'kukweza chiuno mpaka mawondo, chiuno ndi mapewa zikhale mzere umodzi, kenako tsikani mosathamanga. Kakhumi. Izi zimadzutsa matako amene amagona tsiku lonse pa chishalo.

Kenako plank. Gonani chafufumimba, dzukani pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi liwongoke kuchokera kumutu mpaka ku zidendene. Matako asakwere m'mwamba, chiuno chisagwere pansi. Masekondi 15 kapena 20 akukwanira poyamba, katatu, mukupumula pakati. Zikavuta gwadani pa mawondo, palibe manyazi. Mukalimba muzichitanso cham'mbali, pa chigongono chimodzi. Ndimawauza ana anga kusukulu kuti masekondi 20 owongoka aposa mphindi ziwiri za msana wopindika.

Chomaliza chimene ndimachikonda kwa anthu a msana: gwadani manja ali pansi, tambasulani dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo, chiuno osapendekeka, kenako sinthani. Zonsezi ndi mphindi 10 kapena 15, masiku atatu pa sabata modumphitsa. Minofu imalimba pa tsiku lopuma lija.

Wakabaza wa pa Dyeratu:
Mnzanga, ine ndinadutsamo. Njinga yakapalasa ija ngati simunagulitse, ipopeni. Ine m'mamawa ndisanatulutse yamoto ndimapalasa kukafika pa mlatho wa Kamuzu n'kubwerako, ndipo tsiku limene ndili ndi mphamvu ndimakakwerako pang'ono mtunda wa ku Thabwa. Koma chimene chinandisintha kwambiri ndi zapasiteji. Tonse tikudziwa mmene timadyera: tiyi wa masipuni anayi ndi mandasi m'mawa, tchipisi cha pachiwaya masana, dzuwa likaswa mtengo botolo lozizira, kasitomala akachedwa kaphata ka nzimbe, madzulo kanyenya, ndiye kunyumba mitanda itatu. Ndinayamba kuyenda ndi chigubu cha madzi, tchipisi ndinasiyira tsiku lamsika lokha, ndipo usiku ndinachotsa mtanda umodzi n'kuchulutsa ndiwo. Pasiteji ndikamadikira sindikhalanso pa njinga, ndimatsika n'kumayendayenda.

Mayi wa ku Livunzu:
Nsima musainamizire, makolo athu akula nayo. Vuto ndi kudya ngati wolima pomwe khasu unasiya. Ndiwo kuno zilipo: khobwe, nandolo, chisoso, bonongwe, kholowa, therere, makakana ndi mlamba wa mu Shire. Awuzeni akunyumba achepetseko mafuta mumphika, ndipo masiku ena muzidya ya mgaiwa kapena ya mapira, imakhalitsa m'mimba kuposa ya ufa woyera.

Bambo wa ku Ngabu:
Koma abale, mimba kwa bambo wa ana atatu si ulemu kodi? Kwathu kuno ukangotsika thupi anthu amayamba kunong'ona kuti ukudwala. Ine ndikuona kuti Mulungu wakudalitsani, musavutike.

Wachipatala, Chikwawa:
Bambo a ku Ngabu, zonong'onazo ndimazimva ndipo zimalepheretsa anthu ambiri kudzisamala. Koma ife timaona mbali inayo, abambo a zaka za m'ma 40 akubwera ndi BP yokwera ndi shuga, ena atafa kale ziwalo mbali imodzi. Mafuta a mkati mwa mimba ndi amene amayendera limodzi kwambiri ndi matenda amenewa.

Kwa wofunsa, pali njira yodziyezera yosafuna sikelo. Tengani chingwe, chiduleni kutalika kofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndiye muzungulize pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Musakokere mimba mkati. Chingwe chopindacho chikalephera kukumana, ndiye kuti mimba yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo ndi bwino kuchepetsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima monga kuyenda mwandawala kapena kupalasa, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Pa shuga wothira ndi wa m'zakumwa limati asapitirire pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye zabwino koposa. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi zambiri lili kale ndi masipuni 7 kapena 8. Mowa nawonso muuwerengere.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi. Kuchigwa kuno si mimba iliyonse yaikulu ili ya mafuta. Likodzo lili mitundu iwiri. Lokodzetsa magazi aliyense amalidziwa, koma pali lina la m'matumbo limene likakhalitsa limawononga chiwindi, kutupitsa kapamba, mpaka madzi kudzadza m'mimba. Amene munakula mukusamba, kuwedza kapena kulima m'madambo ngati a Elephant Marsh ndi m'ngalande momwe muli nkhono, musalinyozere. Mimba ya mafuta imabwera pamodzi ndi kunenepa kwa khosi, nkhope ndi manja. Mimba ikamakula koma manja akuwonda, mapazi akutupa kapena maso achita chikasu, imeneyo si ya plank, thamangirani kuchipatala. Likodzo limayezedwa ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Chinanso, ngati pamchombo kapena mphechepeche muli chotupa chimene chimatuluka mukatsokomola kapena kunyamula katundu n'kubwerera mukagona, kaonetseni musanayambe mafizo olimba. Ndipo msana ukamapweteka mpaka kutsikira kumwendo, mwendo kuchita dzanzi kapena kufooka, musadikire. Zikafika povuta kugwira mkodzo kapena chimbudzi, pitani tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Nsanje:
Pepani ndilowerere pa funso la eni. Ine ndinachira mwana wachinayi miyezi ingapo yapitayo koma mimba sinabwerere, moti ena kumsika akundifunsa ngati ndili ndi pathupi pena, ndipo zimandipweteka mumtima. Ndikamadzuka pamkeka pakati pa mimba pamatukuka kamzere kuchokera pamwamba pa mchombo. Apongozi akuti ndizimanga mpango wothina. Kodi mafizo a aphunzitsiwa ndingachite nanenso?

Mzamba wopuma ntchito, Bangula:
Mwana wanga, zimene ukunenazo ndaziona kwa amayi ambirimbiri ndipo si kulephera kwako. Pathupi pakamakula, minofu iwiri yakutsogolo imatalikirana kuti mwana apeze malo. Kwa ambiri imabwerera yokha m'masabata oyambirira, kwa ena imachedwa, makamaka amene abereka kangapo motsatizana. Dziyeze chonchi: gona chagada, pinda mawondo, ika zala pamwamba pa mchombo mopingasa, ndiye dzutsa mutu pang'ono. Umva mbali ziwiri zolimba zikufinya zala. Mpata ukaposa zala ziwiri, sit-up ndi plank uyambe wazisiya, chifukwa chilichonse chotukula kamzere kaja chikukankhira kunja pamalo pofooka kale.

Chako ndi choyamba chija aphunzitsi anena, kukokera mchombo mkati uku ukutulutsa mpweya, ndipo uzifinyanso kumusi ngati ukugwira mkodzo, masekondi ochepa n'kumasula. Ungachite ukuyamwitsa, palibe amene angadziwe. Podzuka usamadzuke chagada, tembenukira cham'mbali n'kudzikankha ndi dzanja. Posenza ndowa ku mjigo, pinda mawondo, limbitsa pamimba, tulutsa mpweya ponyamula, ndipo usachite manyazi kupempha mnzako akusenzetse. Mpango wa apongoziwo ungakuthandize kumva kugwirika pogwira ntchito, usawakanize mwamwano, koma usathinitse kwambiri ndipo dziwa kuti sulimbitsa mnofu. Ngati unachira ndi opareshoni, kapena mkodzo umadontha ukatsokomola, ukanene ukapita ndi mwana kusikelo kuti akuone. Kudya usachepetse mwankhanza, ukuyamwitsa.

Mayi wa ku Nsanje:
Takhuta amayi. Ndayeza, zala zitatu zikulowa. Ndikanena kusikelo mwezi uno.

Wakabaza wa ku Nchalo:
Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mungandiyankhe mozama chonchi. Chingwe ndayeza, sichikukumana, patsala mpata ngati chikhatho. Manja ndi khosi nazonso zanenepa, ndiye ndikukhulupirira kuti ndi mafuta, komabe ndinakulira m'madzi ndikuwedza, choncho za likodzo ndikayezetsa pamodzi ndi BP. Chotupa ndilibe ndipo mwendo suchita dzanzi. Njinga yakapalasa ilipo, amapitira kusukulu mwana wanga wamkulu, tizibwerekana. Funso lomaliza: ndi kutentha kwa kuno, nthawi yabwino ndi iti, ndipo ndidikire mpaka liti kuti ndione kusintha?

Mphunzitsi wa masewera, Ngabu:
M'mamawa dzuwa lisanatuluke, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene masana kumatha kupitirira madigiri 40. Imwani madzi musanayambe ndi mukamaliza, ndipo mkodzo ukamatuluka wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi akuchepa. Za pamkekazo mungachitenso madzulo musanadye, pakhonde pomwe pali kamphepo. Msana ndi umene umayamba kuyankha, ambiri amamva kupepukidwa pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Mimba imatenga miyezi, ndipo imadalira kwambiri njinga ndi mbale. Chingwe chija musataye, muziyeza kamodzi pa mwezi, m'mawa musanadye. Tsiku limene plank yakupweteketsani msana m'malo motopetsa pamimba, bwererani pa mawondo sabata imeneyo.