Laser yanga ikukana homing, ALARM:9 basi

Kadziwotche:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ka laser ka diode, bodi ndi Arduino Uno ndi CNC shield, firmware (pulogalamu ya mu bodi) ndi GRBL 1.1h, ndikuyendetsa ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya LightBurn. Ndamanga ma limit switch awiri (maswitchi ouza bodi kuti kamutu kafika kumapeto), la X kumanzere, la Y kutsogolo, onse NO (salumikiza magetsi mpaka atagundidwa). $22=1 (setting yoyatsa homing, yoti kamutu kazipita kokha kukagunda maswitchi pakona yoyambira). Ndikalemba $H (lamulo loyambitsa homing) palibe chikusuntha, kamutu kangoti zii kupitirira theka la mphindi kenako ALARM:9. Ndikachotsa alamu ndi $X, jog (kusuntha kamutu ndekha ndi mabatani) ikuyenda bwinobwino. Maswitchi ndayeza ndi mita, alibe vuto. Ndiye chatsala n'chiyani?

Mawaya:
Noise imeneyo achimwene. Mawaya a maswitchi akayenda mtolo umodzi ndi a mota amatola zinyalala. Ikani capacitor ya 100nF pakati pa signal ndi GND (mbali ya minus), ndi resistor ya 4.7k yopita ku 5V, switchi iliyonse yakeyake.

Nyundo:
Ayi a Mawaya, noise imanamiza bodi kuti switchi yagundidwa, ndiye mumaona ALARM:1 ntchito ili mkati kapena homing kuthera panjira. ALARM:9 ikunena kuti makina afunafuna switchi koma sanaipeze. GRBL yosasinthidwa imayamba ndi Z (yokweza ndi kutsitsa kamutu), kenako X ndi Y. Inuyo Z mulibe, koma bodi sikudziwa. Imayendetsa mota yomwe palibe mtunda wa $132 (kutalika kwa Z) kuchulukitsa ndi 1.5. Ngati $132=200 ndi $25=500, ndiye 300mm pa liwiro la 500mm pa mphindi, masekondi 36. Theka la mphindi mukunenalo ndi limenelo.

Tsegulani fayilo ya GRBL ya config.h, HOMING_CYCLE_0 ikhale ((1<<X_AXIS)|(1<<Y_AXIS)), mzere wa HOMING_CYCLE_1 muutseke ndi //, kenako mulowetsenso firmware mu bodi. Musanatero lembani $$ (imaonetsa ma setting onse) musunge manambala onse penapake.

Kadziwotche:
Zikomo akulu, ndasintha, tsopano ikuyenda. Koma ikuthawa maswitchi! Ikulowera kumanja ndi kumbuyo mpaka kukaguguda pa felemu, lamba kumangoti khrrr. Ndachita kuzimitsa magetsi.

Mawaya:
Capacitor ija mwaika?

Nyundo:
Imeneyo ndi $23, setting ya mbali imene homing imalowera. Ikakhala 0 makina amafuna maswitchi mbali ya plus. Anu ali kumanzere ndi kutsogolo, ikani $23=3. 1 amatembenuza X yekha, 2 Y yekha, 3 onse awiri. Koma yambani mwaona jog: X+ ipite kumanja, Y+ ipite kutali ndi inu. Ngati sizili choncho konzani $3 (mbali imene mota zimazungulira) kaye. Anthu ambiri amabisa vuto la $3 ndi $23, homing n'kutheka ndithu, koma zolemba n'kumatuluka chotembenuka ngati pagalasi.

Chitsulo:
Ndiwonjezerepo chenjezo. Poyesa homing zulani pulagi ya laser module, simukuifuna pa ntchito imeneyi. Ngati simuzula, magalasi kumaso. Tsitsani $25 ifike 300, kamutu kakhale pakati pa bedi, dzanja lina pa switchi ya magetsi. Ikayamba kuyenda dinani switchi ndi chala musadikire kuti ifike. Ikapanda kuima, zimitsani pomwepo. Kuguguda kuja kumadya mano a lamba la GT2 ndipo kumamasula tizomangira ta pulley, kenako mudzadabwa mizere ikusemphana pa ntchito.

Njira ina yosayendetsa kanthu: gwirani switchi, lembani ? mu console. Mukuyenera kuona Pn:X kapena Pn:Y. Mukadina ya X n'kutuluka Pn:Y, mawaya mwasemphanitsa. X ndi pin 9, Y ndi pin 10.

Kadziwotche:
$23=3 yatheka, ikufika pakona, ikugunda, kenako ALARM:8. Kamodzi pa maulendo anayi ikumaliza bwino. Ndatopa nazo.

Mawaya:
Mwaonatu? Zochita mwa apo ndi apo ndiye chizindikiro cha noise. Ndanena kale, 100nF. Komanso sinthani maswitchi akhale NC (amalumikiza magetsi mpaka atagundidwa), $5=1.

Nyundo:
ALARM:8 ndi pull-off. Makina abwerera m'mbuyo koma switchi sinamasuke. $27 yanu, mtunda wobwerera uja, mwina ikadali 1mm, ndipo maswitchi a kamkono kakatali aja safika pomasuka pa 1mm. Ikani $27=3, $24 ikhale 50 kapena 100 kuti kugunda kwachiwiri kukhale kwapang'onopang'ono. Onaninso kabulaketi ka switchi, kakamapindika pogundidwa mtunda umasintha ulendo uliwonse.

Chitsulo:
Za NC sindikutsutsa, waya akaduka makina amaima okha. Koma $5=1 imatembenuza mapini onse atatu. Pin ya Z yopanda switchi idzaoneka ngati yagundidwa, ndiye muilumikize ku GND. Ndipo pa GRBL 1.1 limit ya Z ili pa pin 12, pin 11 ndi PWM, signal yolamulira mphamvu ya laser. Pa shield zambiri za V3 polembedwa Z+ ndi pin 11 ameneyo. Mukaika jumper pamenepo mwagwetsera PWM pansi. $20 ndi $21 (zoletsa makina kupitirira malire) musayatse homing isanakhazikike, ndipo $130 ndi $131 (kutalika kwa X ndi Y) muyeze ndi tepi mutachotsa mtunda wa pull-off.

Mawaya:
Zonsezo chitani, koma laser ikadzayaka pa 100% mudzabweranso kuno ndi ALARM:1. Ndiye resistor ndi 4.7k, osati 470.