Kagalu ka pit bull, ndikatsekere m'khola kuti kadzaluse kapena ayi?

Mnyamata_wa_Chinamwali

Moni nonse a pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumaweta agalu makamaka a mtundu wa pit bull. Alamu anga a ku Blantyre andipatsa kagalu kakamuna ka masabata 7, akuti make ndi pit bull weniweni koma bambo ake sakudziwika bwinobwino, kamutu kokha nde kakuonekeratu kuti ndi komweko. Ine ndimakhala ku Chinamwali nyumba ya lendi, mpanda kutsogolo ndi wa njerwa koma kumbuyo ndi waudzu, ndipo mu yadi momwemo muli banja lina la ana awiri ang'onoang'ono komanso ali ndi nkhuku.

Nde vuto ndi ili, aliyense amene wakaona akundiuza zake. Wina akuti kamangire kakhola kamdima kasamaone anthu masana uzikatulutsa usiku wokha, kakakula akuba sadzayerekeza. Wina akuti uzikathirira tsabola m'chakudya, wina mpaka anatchula chamba. Wina akuti kadule makutu kakadali kakang'ono. Pomwe mayi a kunyumba akuti kabwerere komwe kachokera chifukwa anamva kuti agalu amenewa amatembenukira mwini wake. Panopa kakungoluma chilichonse, masilipasi, miyendo ya mipando, zidendene za ana. Ndiyambire pati akuluakulu? Katemera amayamba liti, nanga kazidya chani poti chakudya cha m'mashopu chija mwezi ndi mwezi sindingachikwanitse.

Nachisale_Matawale

Achimwene, za kulusazo siyani kaye, yambani ndi zoti kakhale ndi moyo. Tiagalu tambiri kuno timafa tisanakwane miyezi inayi ndi matenda a parvo, aja koyamba kamangosiya kudya, kenako kusanza, kenako kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha moti simungakhale pafupi, masiku ochepa basi kapita. Katemera woyamba ndi pa masabata 6 mpaka 8 nde kanuko kafika kale, kenako amabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka kakwane masabata 16. Afunseni alamu anuwo ngati kanabayidwapo, ngati palibe khadi tengani ngati sikanabayidwe. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu, kenako muzibwereza chaka ndi chaka. Ameneyu a vetenale amabaya, komanso a Mission Rabies amayenda kuno ku Zomba pa kampeni yawo ndipo imeneyo ndi yaulere, koma dziwani kuti amene amabaya pa kampeni ndi wa chiwewe yekha, wa parvo mudzalipira nokha. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa, amati galu wanga anabayidwa pomwe anangobayidwa umodzi.

Kasanamalize katemera musakayendetse pansi kumsika kwa Mpondabwino kaya m'misewu momwe agalu ena amachita chimbudzi, kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Ngati pa yadipo panafapo kagalu ndi matenda amenewa tsukani pa simenti ndi Jik, sopo wamba sapha.

Mankhwala a njoka za m'mimba masabata awiri aliwonse mpaka miyezi itatu, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Amapereka molingana ndi kulemera nde kakwezeni pa sikelo osati kungoganizira. China chomwe anthu amaiwala ndi mphutsi, makamaka nthawi ya dzinja. Ntchentche ija imaikira mazira pa mchenga kapena pa thumba lonyowa pomwe kamagona, mudzangoona tizotupa pamimba ndi m'mapazi tokhala ndi kabowo pakati, mukapaka Vaseline pakabowopo kamphutsi kamatulukira kufuna mpweya nde mumafinya pang'onopang'ono. Chogonera chizikhala chouma. Nkhupakupa muzizichotsa tsiku lililonse, yang'anani m'makutu ndi pakati pa zala, mukaona usinini wayera kagalu kafooka thamangani nako kwa a vetenale. Ndipo chonde osakapatsa Panado kapena Brufen, osakasambitsa ndi dipi wa ng'ombe, kakadali kakhanda mukapha.

Makutu asiyeni momwe alili. Anyamata odula ndi lezala kuseri kwa nyumba aja amangopweteka galu, palibe chimene chimasintha kupatula maonekedwe ndi chilonda chodzadza ntchentche.

Big_Joe_Ndola

Aise osamvera zambiri, galu wa chitetezo satengedwa ngati mwana. Kwathu agalu onse timatsekera masana kutulutsa 9 koloko usiku ndipo palibe anabapo olo ndowa. Galu ukamuzoloweretsa anthu adzawagwedezera mchira akuba omwe, nde phindu lake nchani kumudyetsa. Tsabola ndi chamba zokhazo nde zabodza, koma khola ndi tcheni ndi zofunika.

Madala_a_ku_Sadzi

Big Joe mwana wanga, agalu akwanuwo ndi agalu athu achikuda amene akaona munthu amauwa ali chapatali, ukawerama ngati ukutola mwala athawa. Uyu ndi galu wina. Ndaweta amenewa ndipo ndikuuzeni mosabisa, pit bull wokulira mumdima salusira akuba okha ayi, sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba amene wabwera kudzatenga mpira, chifukwa onsewo sanawaonepo. Chimene anthu amachitcha kulusa kwa galu wotsekeredwa nthawi zambiri ndi mantha, ndipo galu wamantha wa makilo 25 wokhala ndi nsagwada ngati zimenezija si chitetezo, ndi mlandu ukukudikira.

Muyenera kudziwa komwe anachokera. Makolo ake anawetedwa ku England zaka za m'ma 1800, ankaphatikiza bulldog ndi terrier, poyamba agalu a mtundu wa bulldog ankawamenyanitsa ndi ng'ombe zamphongo, boma litaletsa zimenezo mu 1835 anthu anayamba kumenyanitsa agalu okhaokha mobisa. Kenako anapita nawo ku America komwe bungwe lolembetsa mitundu ya agalu la United Kennel Club linawalembetsa mu 1898 ngati American Pit Bull Terrier. Nde taonani, sanapangidwe kuti azilondera nyumba ngati German Shepherd kapena Boerboel, anapangidwa kuti akagwira nyama inzake asasiye. Nchifukwa chake ambiri mwa iwo anthu amawakonda kwambiri mpaka kunyambita mlendo, koma galu mnzake, mphaka, mbuzi, nkhuku, pamenepo nde pamene pali ntchito. Zoti nsagwada zake zimakhoma ngati loko ndi nthano chabe, mafupa a kukamwa ndi chimodzimodzi galu wina aliyense, kungoti iyeyu ndi wamakani sagonja msanga.

Nthawi imene muli nayo ndi yochepa achimwene a ku Chinamwali, kuyambira pano mpaka masabata 14 kapena 16 ndi pamene ubongo wa kagalu umalandira zinthu zatsopano mopanda mantha, ikadutsa imeneyo muzidzavutika. Ndikudziwa kuti a Nachisale anena kuti kasaponde pansi kunja, zoona, nde kanyamuleni m'manja. Khalani nako pa khonde kapena m'mbali mwa msewu wa M3 kaone ma minibasi, akabaza, njinga zamoto, amayi osenza mitolo ya nkhuni yochokera kuphiri, ana a yunifolomu akuweruka, munthu wa ndodo, munthu wa ambulera, asilikali akuthamanga m'mawa. Alendo akabwera apatseni kausipa akapatse okha. Muzikagwira makutu, mapazi, kutsegula kukamwa, kuti mawa a vetenale asadzavutike. Pamene kakudya muzidutsa pafupi nkuponyamo kanthu kokoma m'mbalemo, kazidziwa kuti dzanja likayandikira mbale zabwino zikubwera, osati kukalanda chakudya dala ngati mmene ena amachitira poyesa galu.

Zolumazo ndi msinkhu, tiagalu tonse timatero, mano aukhanda amayamba kugweruka cha pa miyezi itatu kapena inayi ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera onse 42 achikulu, nthawi yonseyi kukamwa kumayabwa. Kakaluma dzanja nenani ayi kamodzi, chotsani dzanja, imirirani musiye kusewera, pakapita kanthawi kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo kalume chimenecho. Tsiku lililonse chimodzimodzi, ndipo aliyense m'nyumbamo achite chimodzimodzi, osati bambo akuletsa pomwe ana akukapatsa phazi nkumaseka. Ana akamathamanga akukuwa nde kamayesa masewera, auzeni aziima chilili manja apinde pachifuwa, kamatopa nkusiya. Masilipasi ikani pamwamba basi, pamenepo palibe maphunziro.

Kumenya ayi. Mukakamenya kamaphunzira kuti dzanja ndi mdani, tsiku lina kadzabwezera pa dzanja laling'ono. Phunzitsani ndi chakudya, mphindi zisanu zokha kangapo pa tsiku kasanadye. Gwirani kachidutswa pamwamba pa mphuno nkukabweza chakumbuyo, matako akagunda pansi nenani khala nkukapatsa pompo. Mawu atatu amene adzakupulumutseni ndi bwera, khala ndi siya, Chichewa chomwechi amamva, simukufunika chizungu. Siya ameneyu ndi wofunika kuposa onse kwa galu wa mtundu uwu, sewerani nako kukokana chingwe, kenako umitsani dzanja chingwe chisagwedere, onetsani kanyama, kakangotsegula kukamwa nenani siya, kapatseni, yambiraninso masewera. Kazolowere kakadali ndi makilo asanu chifukwa pa makilo 25 simudzakambirana naye.

Khola likhalepo inde, la mthunzi, loona kunja, madzi ali pompo, logona ndi kupumulira osati ndende. Ndipo galu ameneyu amafuna kutopa, akamaliza katemera muziyenda naye m'mawa ndi madzulo ali pa chingwe, akakwana chaka mutha kumakwera naye msewu wa ku Ku Chawe mpaka ku damu la Mulunguzi, koma osamumasula kumeneko, akaona anyani adzaiwala dzina lake lomwe ndipo nyani wamphongo amang'amba galu. Za akuba musadandaule, munthu akangosuzumira pa geti nkuona mutu umenewo amapita nyumba ina.

MayiAkeTada

Madala mwalankhula bwino koma ine ndiima ndi mayi a kunyumbawo pang'ono. Nkhani si galu yekha, nkhani ndi yadi. Mpanda waudzu kwa pit bull si mpanda, pofika miyezi 8 adzaboola kapena kukumba pansi, ndipo ana awiriwo si anu, nkhukuzo si zanu. Mwawafunsa makolo awo? Alandilodi akudziwa? Tsiku limene adzagwire nkhuku mudzalipira nkhuku zidzatha, koma akadzagwira mwana palibe ndalama imene idzakonze nkhope yake, ndipo anthu a m'dera sadzadikira apolisi, tonse tikudziwa mmene zimathera. Si kuno kokha komwe anthu amawaopa, ku UK anawaletsa ndi lamulo la Dangerous Dogs Act mu 1991, ku Joni nako mu 2022 kunali chipwirikiti anthu kusainira kuti aletsedwe ana atafa. Mutha kunena kuti olakwa ndi eni ake, mwina, koma mwini wake apa ndi inuyo amene mumachoka m'mawa kubwera madzulo, masana onse galu ali ndi ndani?

Olo ataphunzira bwanji, galu ndi mwana wamng'ono asatsale awiriwiri, olo kungolowa m'nyumba kukatenga mchere. Ana auzidwe kuti galu akamadya, akagona, kapena akalowa m'khola lake sakhudzidwa. Ndipo wina akalumidwa olo pang'ono, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15 nkupita kuchipatala tsiku lomwelo ndi khadi la katemera wa galuyo m'manja.

Mnyamata_wa_Chinamwali

Zikomo nonse. Amayi ake a Tada, masana mayi a kunyumba amakhalapo amagulitsa pakhomo pompo, nde ndiyenera ndiwagonjetse iwowo kaye apo ayi kabwerera ku Blantyre. Aneba ndikhala nawo pansi Loweruka. Nanga za chakudya zija palibe wandiyankha.

Nachisale_Matawale

Chakudya sichovuta ngati mmene anthu amaopsezera. Nsima yokhayokha kapena madeya okhaokha ayi, kadzakula ndi miyendo yopindika mimba ili tuu. Phikani phala lolimba la mgaiwa muphatikize usipa kapena bonya wosinja, matemba a ku Chilwa akapezeka otchipa nawonso ndi abwino bola asakhale amchere, ngati ali amchere anyikeni m'madzi kaye. Tinsomba timeneti kazidya ndi minga yomwe mutasinja chifukwa ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Onjezerani dzira lophika, maungu kapena chisoso pang'ono, nthawi zina zam'kati za nkhuku kapena zotsala za ku butchala zophika. Ndiwo zanu zotsala zokhala ndi anyezi ndi adyo ayi, zimaononga magazi a galu, chokoleti ayi, mafupa a nkhuku ophika ayi amasweka mosongoka nkubaya matumbo. Mkaka wa ng'ombe ambiri umawatsegula m'mimba.

Pa msinkhu umenewu kazidya kanayi pa tsiku pang'onopang'ono, kakakwana miyezi itatu katatu, kuyambira miyezi 6 kawiri. Mukapeza kandalama gulani kathumba kamodzi ka chakudya cha tiagalu muzisakaniza ndi phalalo miyezi yoyambirirayi, ndi pamene mafupa akukula msanga. Kakangodya kapena kudzuka katulutseni pa malo amodzimodzi kakachite chimbudzi, kakachita kayamikireni pompo, zokanunkhitsa mkodzo wake zija sizithandiza.

Madala_a_ku_Sadzi

Pa mpandapo amayiwa akunena zoona sinditsutsa. Ngati alandilodi sakufuna kumanga kumbuyoko, dulani chigawo chanu ndi waya wa mesh wokhuthala wotalika mamita awiri, pansi mukwirire njerwa kapena muthire konkire kuti asakumbe, geti lake likhale ndi loko osati kawaya kokoloweka chifukwa ana amatsegula. Nkhuku kayambeni kukaonetsa panopa kali pa chingwe, kakaziyang'ana nkutembenukira kwa inu kapatseni kanthu, kakafuna kuthamangitsa bwererani nako kumbuyo patali, komabe musadzamukhulupirire yekha ndi nkhuku olo atakula. Ndipo dziwani kuti ambiri amasintha pakati pa chaka chimodzi ndi zitatu, galu amene ankasewera ndi agalu onse a m'mudzi amayamba kusankha, nde muyambiretu kumuzoloweretsa chovala kukamwa chija cha mabowo akadali wamng'ono, muziika chakudya mkati alowetse yekha mphuno. Za kumuthena kafunseni a vetenale tsiku lomwe mukukabayitsa, zimachepetsa zothawa kukasaka zazikazi ku Chikanda usiku, koma musayembekezere kuti zisintha khalidwe lonse.