Makina a mafuta kapena mbewu: zokambirana za gulu la kwathu ku Golomoti

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse a kwathu okhala muno mu Lilongwe. Nkhani ya ndalama tinasonkha zija isagonenso. Ena akuti tigule makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa tikaike pamsika ku Golomoti. Ena akuti tiyambe ndi mbewu zopirira ng'amba kwa mabanja 40. Tonse tikudziwa momwe ng'amba ya mu Febuluwale 2024 inaumitsira chimanga, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Tiyeni timve kwa odziwa.

Msungichuma: Ine ndili ku makina, a Wapampando. Mlimi salima mbewu imene sakuona kokagulitsa. Makina akakhala pamsika, aliyense adzala yekha osamukakamiza. Makilogalamu 100 a mpendadzuwa wakuda amatulutsa malita 25 mpaka 30 a mafuta, ndipo zotsalira zake ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba ukasakaniza ndi madeya.

Mmisiri wa ku Biwi: Bambo Msungichuma, mawu anu ndi oona koma tiwerengere limodzi. Eka yosamalidwa bwino tiyembekezere makilogalamu 300. Mabanja 40, lililonse theka la eka, ndi makilogalamu 6,000. Makina ang'ono ofinya makilogalamu 60 pa ola amaliza zonsezo m'maola 100. Kutereku agwira ntchito masabata awiri, chaka chonse chotsalacho akuchita dzimbiri, mlonda akulipidwa, lendi ikulipidwa. Ndiponso ambiri mwa makinawa amafuna magetsi amphamvu a three phase, osati a m'nyumba wamba, kupanda apo tigulenso injini ya dizilo. Chitsulo chozungulira cha mkati chimadyeka msanga mbewu ikabwera ndi mchenga, choncho pamafunika sefa ndi munthu wopeta asanathire. Mafuta akatuluka amakhala ndi nsenga, amafuna kusefedwa kapena kukhazikika m'mgolo masiku angapo. Komanso musawerengere matumba. Mpendadzuwa ndi wopepuka, thumba lolowa makilogalamu 50 a chimanga limadzaza ndi makilogalamu 30 okha. Popanda sikelo anthu akangana tsiku loyamba lomwe.

Mlangizi wopuma: Zikomo amisiri. Ine ndikuti chaka choyamba ndalama zipite ku mbewu, ndipo banja lililonse ligawe eka imodzi patatu, osasiya chimanga chawo.

Gawo lalikulu likhale mapira. Pilira 1 kapena Pilira 2 ndi mitundu yaifupi, yocha msanga kuposa mapira amakolo aataliatali aja. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 45, njere zisanu paphando, kuya kwake kusapose masentimita atatu chifukwa njere ndi yaing'ono, ikakwiririka kwambiri simera. Pakatha masabata awiri kapena atatu, nthaka ili yonyowa, apatulire kusiya ziwiri paphando. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: amamva chisoni kuzula, mapira amathithikana, ngala zimatuluka zazing'ono. Ng'amba ikabwera mapira amapinda masamba n'kuima kukula, mvula ikabweranso amapitiriza. Chimanga chikakumana ndi ng'amba pa nthawi ya ngayaye, chatha. Koma pakati pa mizere pakhale ngonyeka, zotalikirana mamita awiri, kuti madzi a mvula yamkuntho ija alowe pansi m'malo mothamangira ku khwawa.

Pa mchenga weniweni, pomwe ngakhale mapira amavutika, adzale machewere.

Gawo lachiwiri likhale mpendadzuwa, koma asadzale ndi mvula yoyamba. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, kuti ukhwime mvula itatha, apo ayi mitu imaola. Mapando masentimita 30, chomera chimodzi paphando. Ubwino wake ndi womwewo, umadzalidwa ntchito ya chimanga itachepa. Mbewu ikakhala ya haibulidi asabwezerenso chaka chinacho.

Mayi a geni ku Area 25: Bambo mlangizi, mwasiya mbalame. Mapira oyera ngati amenewo mbalame zimawakonda koopsa. Ndani akhale pansanja kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa? Ana ali ku sukulu, ndipo sitingayambitse chitukuko chojombetsa ana. Ntchito imeneyi igwera amayi omwewo amene akukolola mtedza.

Mlangizi wopuma: Mayi mwagunda pa mutu weniweni. Nthawi yoopsa ndi kuyambira njere zili zamkaka mpaka zitalimba, masabata atatu kapena anayi. Munda umodzi wokha wocha msanga pakati pa minda ya chimanga, mbalame za dera lonse zimatera pomwepo. Ndiye mabanja 40 aja asakhale omwazikana. Tisankhe midzi iwiri yoyandikana, minda yogundana, adzale sabata imodzi onse. Kuwonongako kumagawanika, ndipo kuingitsa angasinthane masiku. Kudzala pamodzi kumachepetsanso kantchentche kamene kamaikira mazira pa maluwa a mapira n'kusiya ngala zopanda njere, chifukwa kamaswana pa odzala oyamba n'kugwera ochedwa. China, minda ya kaufiti isalandire mapira. Kaufiti amayamwa mizu ya mapira monga achitira ndi chimanga. Pamenepo padzalidwe nandolo kapena khobwe.

Mayi a geni ku Area 25: Ngati zili choncho ndavomera, koma msika muuganizire bwino. Muno m'tauni ophika thobwa amafuna chimera, ndipo ambiri amasankha cha mawere. Mapira amagulidwa, koma oyera bwino, opanda mchenga ndi mankhusu. Opunthira pa dothi amabwezedwa. M'bajeti muikemo matenti opunthirapo ndi matumba a PICS, aja osalowa mpweya okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, chifukwa anankafumbwe sachedwa kulowa m'mapira. Aume kaye mpaka njere ikalumidwa ithetheke, ndiye amange pulasitiki iliyonse ya mkati payokha.

Msungichuma: Nanga chitowe? Kwathu kumatentha ngati ku Chikwawa komwe chimalimidwa kwambiri.

Mlangizi wopuma: Chimachita, koma tiyese ndi mabanja ochepa. Njere zake asakanize ndi mchenga pofesa, kuya sentimita imodzi kapena awiri, pamalo posadikha madzi. Vuto lili pokolola. Makoko a m'munsi akayamba chikasu adule, amange mitolo, aimike chilili kuti iume, kenako agwedezere pa tenti mitu ili pansi. Akachedwa pang'ono makoko amasweka, chitowe chonse chili pa dothi.

Alangizi a ziweto: Akuluakulu, gawo lachitatu lija ndikupempha likhale nkhungudzu, ya ziweto. Kuyambira Seputembala mpaka mvula mbuzi ndi ng'ombe kwathu zimangotsala mafupa. Nkhungudzu adule ikayamba maluwa, ayanike masiku awiri kapena atatu akutembenuza, makamaka pa mthunzi, aike pa thandala lofoleredwa. Ikauma mopitirira masamba amayoyoka, ndipo chakudya chenicheni chili m'masambamo. Mapesi a mapira asawotchedwe, asungidwe pamodzi.

Chenjezo limodzi lifike kwa banja lililonse lolandira mapira. Mapira aang'ono, mphukira zomera pa zitsa akakolola, ndi mapira ofota ndi ng'amba amakhala ndi poizoni wopha ng'ombe kapena mbuzi m'kanthawi kochepa. Chiweto chimapuma mwabefu, kunjenjemera, kugwa. Zisadye mapira osafika masentimita 60. Mapesi okhwima ouma bwino alibe vuto.

Malume a ku Kawale: Zonsezi ndi zabwino adzukulu, koma mbuzi mwazifunsa? Chimanga chikangolowa m'nkhokwe anthu amamasula ziweto. Nkhungudzu ndi nandolo nthawi imeneyo zikadali zobiriwira, mpendadzuwa wochedwa ukadali m'munda. Popanda lamulo la mfumu loti ziweto zikhale pa chingwe kapena ndi mbusa mpaka tsiku logwirizana, ndi chindapusa chodziwika, mbewu zathu tadyetsa mbuzi. Tisanagule njere ndi imodzi yomwe, nthumwi zikakhale pansi ndi mafumu a midzi iwiriyo, eni ziweto alipo.

Msungichuma: Ndamva, koma makina asafe. Ndikupempha gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama lisungidwe, ndipo mpendadzuwa wa chaka chino uyezedwe pa sikelo, tikafinyitse kwa ena, tione malita enieni.

Mmisiri wa ku Biwi: Zimenezo ndavomera. Zokolola zikafika matani 30 pa chaka, ndidzakhala woyamba kukafufuza makina.

Wapampando: Chabwino. A Mlembi lembani izi. Bambo mlangizi akafunse ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, komwe kulinso bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT, za komwe tingapeze mbewu yovomerezeka ya mapira ndi nandolo wa Mwaiwathualimi. Malume atsogolere nthumwi kwa mafumu ndi kwa alangizi a boma a dera lathu mwezi uno usanathe, kuti mbewu ifike mvula isanagwe. Za gawo la ndalama losungidwa tivota Loweruka. Amene simunapereke chopereka cha mwezi uno, tumizani kwa a Msungichuma lisanafike tsikulo.