Pempho la thandizo pa mayina a mizimu ya ku Russia

Akuluakulu odziwa Chirasha, ndikupempha nzeru zanu pa ntchito yomasulira m'Chingerezi nkhani za zikhulupiriro zakale za ku Russia. Dzina limene landivuta kwambiri ndi domovoi, mzimu wokhala kuseri kwa chitofu, umene umateteza banja koma umavutitsa eni nyumba akaunyoza. Omasulira ena amalemba brownie, dzina lochokera ku Scotland, koma ine ndikuona kuti limachotsa mzimuwo kwawo ku Russia. Vuto lilinso pa rusalka, amene ambiri amamutcha mermaid, mkazi wa m'nyanja wokhala ndi mchira wa nsomba m'malo mwa miyendo, chonsecho m'nthano zambiri za ku Russia rusalka ndi mtsikana amene anamira m'madzi ndipo ali ndi miyendo. Kodi ndisunge mayinawa m'Chirasha n'kuwafotokoza pamene atchulidwa koyamba, kapena alipo mawu a Chingerezi amene akatswiri amawavomereza?